Injini ya boti ya kaunjika: kuifufuza matenda ndi kuikonza pakhomo



Masiku ano anthu ogula injini ya boti yatsopano, ya m'katoni, ndi owerengeka. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu yense wochokera kunja anakwera, ndipo injini ndi masipeya ake sizinatsale. Ndiye ambiri mwa ife kuno kwa Khombedza, ku Chikombe mpaka ku Senga Bay tikudalira injini za kaunjika. Ina mwana watumiza kuchokera ku Joni, ina yadzera ku Dar es Salaam kapena ku Mozambique, ina tagula kwa mnzathu amene chilimira chamukanika. Ndalama yake si yamasewera: ena amagulitsa mpunga wa chaka chonse, ena ng'ombe. Injini yotere ikakana pagombe, mabanja a alovi onse agona ndi njala. Ikakana pakati pa nyanja Mwera ukuwomba, nkhani yake imakathera kumanda.

Tikunena makamaka za injini zimene zadzaza m'magombe athu, zosakaniza petulo ndi oyilo, monga Yamaha Enduro ya 15, ya 25 ndi ya 40. Kuti ilire ndi kukhala moyo, injini yotere imafuna zinthu zinayi basi: moto wa papulagi, petulo woyera wokhala ndi oyilo wokwanira, mphamvu yopanikiza m'silinda imene amakaniko amati kompuresheni, ndi madzi oiziziritsa. Matenda alionse amagwera pa chimodzi mwa zinayizi. Vuto lathu ndi kupupuluma. Injini ikangokana, anyamata athamangira kumasula mutu, mabawuti mbwee pamchenga, pamene cholakwika chinali kabawuti ka mpweya ka pachitsekero cha thanki. Tiyambe ndi chaulere, kenako chotchipa, chodula chibwere pomaliza.

Tisanapereke ndalama

Funso loyamba si la mphamvu ya injini, koma la mwini wake. Pachitsulo chimene chimaluma thabwa la kumbuyo kwa boti pamakhala kambale kolembedwa mtundu wa injini ndi nambala yake. Kambaleko kakachotsedwa kapena nambala ikapalidwa, bwererani ndi ndalama zanu, ngakhale mtengo utakoma bwanji. Injini zimabedwa m'magombe muno, ndipo katundu wakuba sasanduka halali chifukwa choti wadutsa m'manja mwa anthu atatu. Malonda achitike masana, pamaso pa mboni, a komiti ya pagombe kapena a mfumu akudziwa, nambala ya injini ilembedwe papepala. Ngati ndalama ina yatsala ya ngongole, ilembedwenso pamodzi ndi tsiku lobweza. Ndime yaitali kwambiri m'Qur'an yonse, ya 282 mu Surat Baqara, ikukamba zimenezi za kulemba ngongole ndi kuika mboni. Abale ambiri asiya kupatsana salamu pa Ijuma chifukwa cha mawu apakamwa a pagombe.

Wogulitsa nayenso amve. Zinalandiridwa kuti Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) anadutsa pamsika napisa dzanja m'mulu wa chakudya, ndipo anapeza kuti chonyowa chabisidwa pansi, chouma chili pamwamba. Anamudzudzula mwini malondayo kwambiri. Kupaka penti pamng'alu, kuthira oyilo watsopano m'giyabokosi yolowa madzi m'mawa wa tsiku logulitsa, ndi mulu womwe uja. Pa malamulo a Chisilamu, wogula akapeza chilema chimene chinalipo kale koma chinabisidwa, ali ndi ufulu wobweza katunduyo.

Tsopano injini yeniyeniyo. Muipeze yozizira. Vundukulani chivindikiro, gwirani mutu ndi dzanja. Ukakhala wofunda ndiye kuti aiwotha musanafike kuti ilire msanga. Yang'anani penti wa pamutupo. Akaoneka wopserera kapena wotukusira, injiniyo inatenthapo kwambiri. Mabawuti odyeka m'mbali akukuuzani kuti yatsekulidwa kambirimbiri ndi anthu opanda sipanala yoyenera. Kokani chingwe pang'onopang'ono, osati moliza. Ya masilinda awiri imalimba kawiri pa kuzungulira kumodzi, ndipo kulimbako kufanane. Chingwe chikamangobwera wefuwefu, kapena mbali imodzi ikalimba ina n'kufewa, ndiye kuti maring'i kapena pisitoni zatha. Ngati mungabwereke geji ya kompuresheni, masilinda awiriwo asasiyane kupitirira gawo limodzi mwa magawo khumi. Masulaninso pang'ono sikuluwu ya pansi pa giyabokosi kuti padonthe oyilo. Wakuda kapena wonga uchi alibe mlandu. Wonga tiyi wamkaka ndiye kuti madzi akulowa, ndipo akamanyezimira tizitsulo, magiya akudyana.

Zochokera ku Durban, Beira, Pemba kapena Dar es Salaam zambiri zagwira ntchito m'madzi amchere. Chizindikiro chake ndi ufa woyera m'mbali mwa mabawuti ndi penti wotupa. Mchere umamanga mabawuti moti amaduka pomasula, umatsekanso tinjira ta madzi m'kati mwa injini. Si kuti zonse n'zoipa ayi, koma mtengo utsike. China chimene ambiri saganizira potumiza uthenga ku Joni ndi kutalika kwa mwendo. Pali waufupi wa mainchesi 15, wolembedwa S pakambale kaja, ndi wautali wa mainchesi 20, wolembedwa L. Yezani kaye thabwa la kumbuyo kwa boti lanu. Mwendo ukachepa, pulopela imatuluka m'madzi pamafunde ndipo pampu imayamwa mpweya.

Poiyesa pakhomo, imangeni pathabwa lolimba, mwendo ulowe mumgolo wa madzi. Madzi apitirire kachitsulo kaphanthiphanthi kali pamwamba pa pulopela ndi chikhatho chathunthu, chifukwa pampu imakhala pamwamba pa kachitsuloko. Musailize pouma ngakhale kamphindi kongofuna kumva mawu ake, pakuti labala wa pampu amapsa m'masekondi ochepa. Muchitire panja, osati m'nyumba kapena m'shedi yotseka, popeza utsi wake umapha mwakachetechete. Mbaula, nyali ndi ana zikhale patali. Komabe mgolo sunena zonse. Injini yodwala imatha kulira bwino mumgolo n'kukagwada ikasenza khoka ndi anthu khumi, choncho musamalize malonda musanakwere nayo panyanja.

Ikakana kulira

Yambani ndi zochititsa manyazi. Kodi kapanda ka chingwe chozimitsira kali m'malo mwake? Giya ili pa nyutulo? Kabawuti ka mpweya ka pathanki n'kotsekula? Paipi yalowa bwino mbali zonse, ndipo muvi wa pakampira kopopera petulo waloza ku injini? Finyani kampirako mpaka kalimbe. Kakakana kulimba, pena pake paipi yang'ambika kapena mavavu ake atha. Kakaphwa n'kukhala kophwatalala injini ikuyenda, thanki sikupuma kapena kasefa ka m'thanki katsekeka.

Zimenezi zikakhala bwino, kokani kasanu ndi choko, kenako masulani mapulagi. Pulagi ndi mboni yosanama. Ikatuluka youma gwa, petulo sakufika, pitani kumbali ya mafuta. Ikatuluka yonyowa, petulo akufika koma mwina wachuluka kapena moto palibe. Ipukuteni, ibwezereni m'kapu yake, mugunditse thupi lake pachitsulo cha injini chopanda penti, kutali ndi bowo la pulagi kuti nthunzi ya petulo isayake. Igwireni ndi pulayasi ya mpira, wina akoke chingwe. Chitirani pamthunzi kuti muone bwino. Moto wabwino ndi wobiriwira ngati wa mphezi ndipo umamveka kuti thethethe. Wofiirira wofooka sungayatse kanthu m'kati mopanikizika. Pulagi imodzi ikakana, zisinthanitseni. Vuto likatsata pulagi, gulani ina, likatsala pawaya yemweyo, ndi kapu, waya kapena koyilo. Zonse ziwiri zikakana, musathamangire kugula bokosi la CDI, limene ndi lodula. Chotsani kaye waya wa switchi yozimitsira, amene pa Yamaha zambiri amakhala woyera, n'kuyesanso. Moto ukabwera, wolakwa ndi switchi imene yalowa madzi ndi dzimbiri.

Mpata wa kumlomo kwa pulagi za ya 15 ndi ya 25 ndi pafupifupi milimita imodzi. Gulani ya nambala yofanana ndi yolembedwa pa injini, osati iliyonse yokwana pabowo, ndipo poimanga yambani ndi zala, chifukwa mutu ndi wa aluminiyamu, mazinga ake sachedwa kuphwanyika. Mtundu wake nawo umalankhula. Yofiirira ngati khungu la mtedza, zonse zili bwino. Yakuda yamafuta, petulo kapena oyilo wachuluka, kapena injini ikuyenda yozizira. Yoyera mbee ngati phulusa, injini ikutentha ndipo ikusowa mafuta; imeneyo ndi ngozi. Imodzi ikayera ngati yotsukidwa, ili ndi timadontho ta madzi, gasiketi ya mutu yapsa.

Mafuta

Pa matenda amene timawaona pagombe pano, ambiri amalowera m'thanki. Petulo akasowa m'mafilingi timagula wa m'zigubu, wina wothiridwa palafini, wina wosungidwa m'chigubu chimene dzulo chinatunga madzi. Palinso china choti tidziwe. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumupanga. Ina ili ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo petulo akakhalitsa madziwo amatsikira pansi pa thanki, pomwe paipi imayamwira. Amafewetsanso mapaipi akale a labala mpaka tizidutswa take timakatseka kabureta. Thirani petulo pang'ono m'botolo loonekera, mulisiye kanthawi. Madzi aoneka pansi atadzipatula. Mukawaona, khuthulani thanki yonse, mutsuke kakapu ka sefa kali pambali pa injini, mumasulenso sikuluwu ya pansi pa kabureta kuti zotsalira zituluke. Pothira petulo m'thanki muzisefa ndi nsalu yoyera, ndipo petulo wosakaniza kale asagone mwezi.

Pali njira ziwiri zofunsira injini imene ikulira koma ikufooka. Ikayamba kufa, finyani kampira kaja. Ikadzuka, ndiye kuti pampu ya petulo yatopa, kalabala kake kabooka, kapena paipi ikuyamwa mpweya polumikizira. Ikapanda kusintha, kokani choko theka. Ikadzuka ndi choko, majeti a kabureta atsekeka. Apa tamverani bwino, abale. Ena akaona kuti choko yathandiza amangopitiriza ulendo choncho sabata yonse. Koma pa injini iyi oyilo amayenda pamodzi ndi petulo. Jeti ikatsekeka theka, si petulo yekha amene wachepa, oyilo wofika kupisitoni ndi kumabering'i wachepanso. Kachitsotso kosaoneka ndi maso kamatha kupha injini ya ndalama zambirimbiri.

Kutsuka kabureta ndi ntchito yotheka pakhomo, kungoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Musachitire pamchenga kapena pamphepo. Yalani nsalu yoyera m'thireyi pakhonde, nkhuku zithamangitsidwe. Amene ali ndi foni ajambule chilichonse asanachimasule. Chotsani paipi ndi timikono ta choko ndi ta moto, masulani kabureta, kenako kabakuli ka pansi. M'menemo mupeza fuloti ndi kasingano kake kamene kamatseka petulo akadzaza. Igwedezeni fulotiyo pakhutu. Ikamveka madzi m'kati yabooka. Kasingano kakadyeka kunsonga, petulo amasefukira, ndiye injini imangokhalira kumira. Majeti ndi timabawuti tamkuwa tokhala ndi tibowo, yaikulu ya liwiro ndi yaing'ono ya poyenda pang'onopang'ono. Amasuleni ndi sikuludiraiva yokwana bwino chifukwa mkuwa ndi wofewa. Anyikeni m'petulo woyera, muwauzire ndi pampu ya njinga, muyang'ane kudzuwa ngati kuwala kukudutsa. Singano yosokera kapena waya musalowetsemo ayi, zimakulitsa bowo, ndipo injiniyo idzamwa petulo mpaka kalekale. Kachingwe kanayiloni ka mbedza n'kokwanira.

Pambali pali sikuluwu yokhala ndi sipuling'i, yosinthira kasakanizidwe ka mpweya ndi petulo. Musanaichotse, ilowetseni m'kati mofatsa mpaka ifike, mukuwerenga kuti yazungulira kangati, n'kulemba papepala. Pobwezera muifikitsenso mofatsa n'kubwerera mwa nambala yomweyo. Kuikanikiza mwamphamvu kumaononga nsonga yake. Gasiketi ya pakati pa kabureta ndi injini ikang'ambika, ikani ina, chifukwa mpweya wolowera pamenepo umabweretsa pulagi yoyera ija.

Nkhani ya oyilo tiikhalire pang'ono, chifukwa apa ndi pamene umbombo umatipweteka. Muyezo wa Enduro ndi 50 kwa 1. Tanthauzo lake, malita 25 a petulo amafuna theka la lita la oyilo, chigubu cha malita 20 chimafuna 400 ml, ndipo botolo lagalasi la Fanta la 300 ml ndi la malita 15. Sungani botolo limodzi loyezera, mulilembe mzere, kuti mnyamata aliyense wotumidwa asamayeze ndi maso. Thirani oyilo m'petulo pang'ono, mukhutchumule, kenako muonjezere wotsalayo. Oyilo wake ndi wa injini za pamadzi, wolembedwa TC-W3 pabotolo. Wa galimoto sapsa bwino, amasiya makala amene amamanga maring'i. Wakuda wokhetsedwa m'minibasi, amene ena amagula motchipa, ndi poizoni weniweni. Kuchepetsa oyilo kuti botolo likwane maulendo atatu kumaotcha pisitoni. Kuchulukitsa kumabweretsa utsi ndi kupha mapulagi, koma pa zolakwa ziwirizi chachiwirichi chili ndi pothawira. Mwini chilimira adziwenso kuti oyilo akamasowa m'njira, nthawi zina ndi chifukwa choti alovi sakulandira gawo lawo moyenera. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, koma sipanala siingaikonze.

Madzi ndi mchenga

Injini ikangolira, diso lipite pakamtsinje ka madzi kotuluka kumbuyo, kamene anyamata amati injini ikukodza, mutikhululukire mawuwo. Kakapanda kuoneka patapita kamphindi, zimitsani. Kawirikawiri kabowo kake kamangotsekeka ndi mchenga kapena ndi tizilombo tomanga zisa zadothi injini ikakhalitsa pakhonde; pisanimo kachingwe ka mbedza. Onaninso timazenera tolowera madzi pamwendo, pamene jumbo kapena udzu wa m'madzi zimakonda kumatirira. Zonsezi zikakhala zoyera koma madzi akutuluka ofooka kapena otentha moti dzanja silingapirire, ndi impela.

Impela ndi kalabala kokhala ndi mapiko kamene kamazungulira m'kabokosi pamwamba pa giyabokosi, n'kumakankhira madzi kumutu. Mdani wake ndi mchenga. Magombe athu a Salima ndi osaya, ndipo chizolowezi chofika ndi injini mpaka boti likhudze pansi chimamwetsa pampu mchenga tsiku ndi tsiku. Zimitsani mukadali pakuya, mutukule mwendo, mumalize ndi nkhafi. Amene wagula injini ya kaunjika asinthe impela asanapite nayo kutali, ngakhale ikupopa, chifukwa labala wokhalitsa amauma ndi kuthyoka mosachenjeza. Pambuyo pake, kamodzi pachaka.

Kusintha kwake n'kotere pa ya 15. Chotsani makapu a mapulagi kuti isalire mwangozi. Kutsogolo kwa mwendo kuli polumikizira ndodo ya giya. Ikani chizindikiro pamene nati inalekezera musanamasule, kuti magiya adzalowe monga kale. Masulani mabawuti ogwira giyabokosi, muitsitse mowongoka. Masulani kabokosi ka pampu n'kukakweza motsata shafuti. Pansi pa impela pali kakiyi kakang'ono konga mwezi wongooneka kumene. Kameneka kakagwera mumchenga mwagona pagombe, ndipo popanda iko shafuti imazungulira yokha impela ili chiimire. Werengani mapiko a yakaleyo. Lina likasowa, lisakeni m'paipi yokwera ndi madzi, chifukwa likatsalamo litseka njira ngakhale mwaika yatsopano. Kambale ka pansi ndi kakapu kachitsulo zikakhala ndi mizere yakuya, zisinthidwe pamodzi. Pakani sopo pang'ono pamapiko, ndipo potsitsa kabokosi zungulizani shafuti motsata mivi ya wotchi kuti mapiko apindikire mbali yoyenera. Girisi apakidwe m'mano a shafuti, osati pansonga penipeni. Pokweza giyabokosi onetsetsani kuti paipi ya madzi yalowa m'malo mwake. Ikakana kufika, zungulizani pang'ono kuti mano akumane. Musaikoke ndi mabawuti.

Ena amachotsa themositati n'kuitaya, amvekere injini izizizira bwino. Imazizira mopyola, petulo sapsa mokwanira, makala amachuluka, mapulagi amafa msanga. Iyeseni m'kapu ya madzi otentha: yabwino imatseguka madzi asanawire n'komwe. Yokanirira isinthidwe.

Kumwendo kuli mdani wina amene timamubweretsa tokha, ulusi wa ukonde ndi chingwe cha mbedza. Zimakulungika kuseri kwa pulopela, kumene diso silifika, n'kudula masilo otsekera madzi. Sabata iliyonse chotsani pini ndi nati, solorani pulopela, muchotse ulusi, mupake girisi. Posintha oyilo wa giyabokosi masulani sikuluwu ya pansi ndi ya pamwamba, akhe yense. Watsopano ndi wa magiya wa nambala 90, ndipo ya 15 imamwa pafupifupi kota ya lita. Amalowera kubowo la pansi mpaka atulukire pamwamba. Tsekani la pamwamba kaye, kenako la pansi mwachangu, ndi mawashala atsopano. Mukathirira pamwamba mpweya umatsekeredwa m'kati, n'kumaganiza kuti yadzaza pamene ili theka. Oyilo wakaleyo asakhuthulidwe pamchenga kapena m'nyanja. Madzi omwewo ndi amene ana athu amamwa ndiponso timapangira wuzu. Musungeni m'chigubu, amathandiza kupaka mitengo ya khola kuti chiswe chisadye.

Injini ikamakuwa koma boti osayenda, musayambe mwaimba mlandu giyabokosi. Pakati pa pulopela pali labala amene amaterereka akatha. Lembani mzere wodutsa pakati mpaka kunja kwa pulopela, muyende pang'ono, muyang'anenso. Mzere ukaduka pawiri, pulopela ndiyo yatha.

Boti likagubuduka injini n'kumira, nthawi ndiyo mankhwala. Itsukeni ndi madzi oyera, chotsani mapulagi, muipendeketse mabowo aloze pansi, mukoke chingwe pang'onopang'ono kuti madzi atuluke. Chikalimba kapena mukamva mchenga ukukukuta, lekani pomwepo. Chikamayenda bwino, khuthulani kabureta, thirani oyilo pang'ono m'masilinda, umitsani mawaya, muilize tsiku lomwelo ndi petulo watsopano kwa theka la ola kapena kupitirira. Ikagona masiku awiri ili yonyowa m'kati, mabering'i achita dzimbiri. Ndipo nthawi iliyonse mukainyamula kapena kuigoneka, mutu ukhale pamwamba kuposa pulopela, kuti madzi otsalira m'mwendo asabwerere m'silinda.

Polekezera

Pali malire a ntchito ya pakhonde. Kompuresheni ikatsika, injini ikamagogoda m'kati, fulayiwilo ikamagwedera mukaikankha m'mbali, kapena m'oyilo wa giyabokosi mukatuluka zitsulo, imeneyo ndi ya makaniko wodziwa injini za pamadzi, wokhala ndi zida zake. Fulayiwilo imachotsedwa ndi chokokera chake. Hamala imapinda kirankishafuti. Safunsa anadya phula. Popita kumeneko, kaya ku Salima, ku Senga Bay kapena ku Nkhotakota, muuzeni zimene mwayesa kale, mugwirizane mtengo asanatsekule, ndipo zitsulo zakale zimene wachotsa akubwezereni. Masipeya otchipa a pamsika ali ndi malo ake, koma pa impela, maring'i ndi mabering'i ife timalangiza enieni, chifukwa zimenezi zikafa sizifera pagombe. Injini ikaikidwa pisitoni kapena maring'i atsopano, maola 10 oyamba iyende ndi oyilo wowirikiza, 25 kwa 1, osaikoka moto wonse.

Nthawi yabwino ya ntchito zonsezi ndi ya dzinja, pamene chilumba cha Mbenji chimakhala chotseka mwa lamulo la a Gogo Chalo Makanjira kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo. M'mawa khasu, ikapita Aswiri sipanala. Mwera umayamba cha mu Meyi n'kulimba mu Juni ndi Julayi, ndipo injini yokayikitsa isadikire miyezi imeneyo kuti iyesedwe ndi miyoyo ya ana a eni, amene ndi amana m'manja mwa mwini boti. A zanyengo akachenjeza pawailesi, boti ligone. Tsiku lopita, m'kachigubu kotseka bwino mukhale mapulagi awiri atsopano ndi sipanala yake, pulayasi, sikuludiraiva, pini ndi nati ya pulopela, kachingwe ka mbedza, tochi, ndi chingwe chapadera chokulunga pafulayiwilo ngati cholizira chaduka. Injini imangiriridwe kuboti ndi chingwe china kuonjezera pa zomangira zake, ndipo nkhafi, nangula ndi chokapira madzi zisatsale pagombe.

Mu kalata yotsatira, Insha Allah, tidzakamba za mabatire ndi nyali zowedzera usipa.

Wassalam alaikum.